Shapa Zikaima, Akulangidwa Ndani?

Inu ophunzira, ndithandizeni. Ine ndine mlimi wa nandolo ndi chimanga kuno ku Majaua, ku Mozambique, m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, ndipo za chuma cha dziko ndimangozimvera pa wailesi. Kuno timagwira mawailesi a mbali zonse ziwiri, ya ku Milange ndi a ku Malawi, choncho mikangano ya mayiko awiri imatipeza pakhonde limodzi. Galimoto zonyamula anthu zikangoima m'mizinda, pamabwera akatswiri ndi mawu omweomwewo. Akuti mankhwala a sitalaka ndi mpikisano. Akuti kampani ikakhala imodzi, antchito ake akanyanyala mzinda wonse umagwada, koma eni galimoto akachuluka, wina akaimika yake mnzake amanyamula anthuwo n'kudya ndalama. Mawuwa ndi okoma, ndipo ndikufuna kuwakhulupirira. Kungoti ndikawayeza ndi zimene ndimaona pa siteji, pamatsala mafunso. Paja safunsa anadya phula.

Loyamba ndi funso la mwana. Munthu akanyanyala ntchito, amafuna kuti amve kuwawa ndani? Dalaivala wa shapa, minibasi yathu ya kuno, akaimika galimoto chifukwa dizilo wakwera, amene wakweza dizilo uja ali ndi galimoto yakeyake, ndipo ku ofesi afika pa nthawi yake. Woyenda pansi ndi mayi wa tomato, namwino, mwana wa sukulu, ndi wodwala amene anamulembera tsiku ku chipatala. Kodi anthu amenewa analipo pa msonkhano wa mitengo ya mafuta? Ena anandiyankha kuti cholinga chake n'chomwecho, kuti anthu avutike mpaka boma lichite manyazi. Ndiye kuti wokwera ndi chikole. Nanga pokambirana zothetsa sitalaka, eni galimoto akakhala uku, nduna uko, mpando wa chikole umakhala pati?

Chachiwiri chikundizunguza mutu koposa. Wonyanyalayo ndi wantchito kapena ndi bwana? Kumayambiriro kwa Julaye 2022, bungwe la ARENE litakweza dizilo kufika pafupifupi mametikali 88 pa lita, shapa zinaima ku Maputo ndi ku Beira, anthu n'kuyenda mitunda pansi. Wailesi inati ndi sitalaka. Koma dandaulo lalikulu silinali malipiro a dalaivala kapena a kondakitala. Linali loti mtengo wokwerera umene boma limaloleza m'mizinda sukukwanira mafuta ndi matayala, ndipo limenelo ndi dandaulo la bizinesi. Mphwanga wophunzitsa sukulu anandiwerengera gawo 87 la malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique. Limapatsa antchito ufulu wonyanyala, n'kunenanso kuti pa ntchito zofunika kwambiri lamulo likhoza kuuchepetsa ufuluwo kuti zosowa za anthu zisaime. Ndinamufunsa kuti, nanga munthu amene wangosunga minibasi yake kuseri kwa nyumba, lamulo limeneli limugwira pati? Palibe anamulemba ntchito. Galimoto ndi yake, makiyi ndi ake. Mungamuzenge mlandu woti lero sanafune kuchita malonda? Aphunzitsi aja anangokanda m'mutu. Kapena malamulo a sitalaka anawalembera dziko la mabasi a kampani ndi antchito a yunifolomu, pamene ife tikukhala m'dziko la shapa?

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati mpikisano ndi kuchuluka kwa eni galimoto, ifetu tinaupeza kalekale. Shapa za ku Maputo si za munthu mmodzi. Minibasi za pa Limbe si za munthu mmodzi. Wina ali ndi imodzi, wina zitatu, wina anagula ndi penshoni, wina ndi ndalama za ku Joni. Zimatheka bwanji kuti eni mazanamazana aime tsiku limodzi, ola limodzi? Uja timauzidwa kuti apezerapo mwayi n'kunyamula anthu onse, tsiku limenelo amakhala ali kuti?

Abale athu a ku Cape Town anaona yankho lake ndi maso mu Ogasiti 2023. Bungwe la eni matakisi la SANTACO, litakwiya kuti akuluakulu a mzinda akulanda galimoto za mamembala ake, linaimitsa minibasi pa 3 Ogasiti masana, anthu ali kuntchito. Usiku umenewo anthu zikwizikwi anabwerera kumakomboni wapansi, m'mphepete mwa msewu waukulu wa N2. Mabasi a Golden Arrow, amene akanawanyamula, ena anatenthedwa. Pamene sitalaka imatha pa 10 Ogasiti, anthu asanu anali atafa. Komatu matakisi a ku South Africa anachuluka boma litamasula msika cha m'ma 1987 ndi 1988, ponena zomwezi za mpikisano. Eni ndi ambiri, koma pakamwa ndi pamodzi, ndipo wofuna kuyendetsa galimoto tsiku la sitalaka amayamba waganizira za magalasi ake ndi moyo wake. Kodi mpikisano umene umasowa tsiku lomwe ukufunika, tiutchebe mpikisano?

Ngakhale pa tsiku la mtendere, kaimeni pa siteji ina iliyonse, kaya kuno kaya kutsidya. Galimoto zimaima pamzere. Yapatsogolo isanadzaze, yachiwiri siyenda, ngakhale ikhale yatsopano, ya matayala abwino, dalaivala wake wosalawa mowa. Oitanira amakulanda chikwama n'kukakulowetsa m'galimoto imene yafika nthawi yake, osati imene waikonda. Mtengo ndi umodzi. Zimafanana ndi nyengo yogulitsa nandolo. Masikelo amapachikidwa khumi pamsika umodzi, koma ukayenda kuyambira loyamba mpaka lomaliza, mtengo wa kilo ndi womwewo, chifukwa ogulawo anamvana m'mawa ndipo onse akukapereka kwa bwana mmodzi. Pamenepo ndawerenga ogula khumi, kapena mmodzi wa manja makumi awiri?

Ku Malawi bungwe loona za mpikisano, la CFTC, linaletsa bungwe la eni minibasi la MOAM kumalengeza mtengo woti onse atsatire. Papepala, mwini aliyense amadziikira wake. Koma mafuta akakwera usiku, m'mawa mwake minibasi za njira imodzi zimadzuka ndi mtengo wofanana. Amauzana kumaloto? Kwathu kuno lamulo la mpikisano linalembedwa mu 2013, ndipo kuli bungwe la ARC loliyang'anira. Kodi lamulo limeneli linalembedwera makampani a simenti ndi a mafoni okha, kapena limafikanso pa siteji ya fumbi?

Wina anganene kuti mkuluyu akulirira masiku a kampani imodzi. Ayi ndithu, masiku amenewo ndikuwakumbuka. Titalandira ufulu mu 1975, mabasi a maulendo ataliatali anakhala m'manja mwa makampani a boma, monga ROMOS kum'mwera ndi ROMON kumpoto. Nkhondo ndi kusowa kwa zipangizo zinawamaliza, ndipo shapa zinamera pamene boma linalephera. Nkhondo itafika povuta kuno cha m'ma 1986, ambiri a ife tinawoloka Ruo, ndipo ku Malawi tinakwera mabasi a UTM, amene mu 1989 anagulidwa ndi kampani ya ku Scotland ya Stagecoach. Basi inali ndi nthawi yake, tikiti yapepala ndi inisipekitala wake. Koma ikakusiya, kapena ikafika yodzaza kale, unkagona pa depoti. Stagecoach itachoka mu 1997 panabwera Shire Bus Lines, imene inadzagwa patapita zaka pafupifupi khumi. Lero munthu amanyamuka pa Muloza m'mawa, n'kukagula katundu ku Limbe, n'kubwerera dzuwa likadalipo. Zimenezi anatipatsa ndi minibasi zambirizi, ndipo sindingakane. Funso langa ndi lakuti, kodi kuchuluka kwa galimoto kumene kunathetsa kugona pa depoti, kungathetsenso sitalaka? Kapena amenewa ndi matenda awiri osiyana, ofuna mankhwala awiri?

Kwawo kwa Stagecoach komweko kuli nkhani imene mphwanga uja anandisimbira, ndipo mpaka lero sindinaimeze. Mu Okutobala 1986 dziko la Britain linamasula mabasi kunja kwa London, kuti aliyense wokhala ndi chiphaso ayendetse pa njira imene akufuna. Mu 1994, m'tauni ya Darlington, Stagecoach inabweretsa mabasi ake, n'kukopa madalaivala ambiri a kampani ya khonsolo ya m'tauniyo, n'kuyamba kunyamula anthu ulere. Patangopita masiku ochepa kampani ya khonsolo ija inagwa, ndipo ulere uja sunakhalitse. Bungwe la boma lofufuza za mpikisano linadzudzula mchitidwewu, koma wakufayo sanauke. Ndiye ndifunse: mpikisano ukakhala ndi wopambana, mawa lake timatsala ndi angati? Si mmodzi yemwe uja tinkamuthawa?

Chodabwitsa china n'chakuti ku London sanamasule chotero. Kumeneko bungwe la mzinda, la Transport for London, ndi limene limajambula njira, nthawi ndi mtengo. Makampani amapikisana kuti apatsidwe njirayo kwa zaka zingapo, ndipo wolephera kusunga nthawi amadulidwa ndalama kapena kudzaluza njirayo. Amapikisana pa tebulo, osati pothamangitsana pamsewu. Mzinda wa Manchester, utakhala zaka zoposa 35 ndi msika womasuka, unayamba kutsata njira yomweyi mu Seputembala 2023. Madalaivala a ku London amanyanyalabe nthawi zina, koma kawirikawiri amakhala a kampani imodzi, njira zina zikuyenda. Tsono akatswiri a pa wailesi akamati mpikisano, akunena uti, wa ku Darlington kapena wa ku London? Bwanji satiuza kuti ilipo iwiri?

Ndifunsirekonso dalaivala, poti iyenso ndi mwana wa munthu. Ambiri oyendetsa shapa ndi minibasi alibe kalata ya ntchito. Bwana amawapatsa tageti, ndalama yoti abweretse madzulo zivute zitani. Mafuta, wapolisi wa pamsewu, woitanira, zonse zimachoka pa zotsalazo, ndipo chimene chatsalanso ndiye chakudya cha dalaivala ndi kondakitala. Anthu otere sanyanyala pofuna malipiro, zimenezo n'zoona. Koma sanyanyala chifukwa akhuta, kapena chifukwa kunja kwa mpanda kuli anyamata khumi a laisensi amene akudikira makiyi omwewo? Munthu wosatha kudandaula kwa bwana amadandaula ndi phazi pa moto wa galimoto. Amapanikiza anthu anayi pa mpando wa atatu, amapitirira mnzake pokhota kuti akayambe kutola anthu kutsogolo, amayenda ndi tayala losalala mpaka litaphulika. Kodi sitalaka imene mukuti mwaithetsa ija sinangosanduka ngozi ya pamsewu? Ndipo ngoziyo ikachitika, amagona m'chipatala ndani, si wokwera yemwe uja?

Tsopano ndibwere kwathu, kumene mafunso anga anabadwira. Kuno ku Majaua sitalaka yathu ilibe mtsogoleri, ndipo sapereka chidziwitso kwa boma. Imayamba mvula ikakhazikika. Msewu wopita ku Milange ndi wadothi, ndipo ukalowa matope eni galimoto ambiri amaona kuti sipuling'i ndi yodula kuposa ndalama za okwera. Palibe amene wakwiya, palibe chikwangwani, koma galimoto zimachepa ndipo mtengo umakwera. Nthawi yokolola malole amabwera okha, osaitanidwa, kudzatenga chimanga ndi nandolo. Zokolola zikatha, nawonso amatha. Kodi mpikisano umene mukuti utipulumutsa, udzabwera kudzapikisanira chiyani mu Febuluwale, pamene m'matumba mwathu mulibe kanthu ndipo msewu ndi phala?

Ndaona chinthu chimodzi chimene chinachulukitsadi galimoto m'boma lathu. Ndi phula la msewu wa Milange kupita ku Mocuba, makilomita pafupifupi 190, limene linathiridwa ndi thandizo la European Union. Ulendo umene unkadya tsiku unafupika, ndipo eni galimoto anabwera popanda wowanyengerera. Ndaonanso chimene chimazithetsa zonse pakamodzi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho wa pa Mocuba, msewu wa N1 n'kuduka pakati, kumpoto ndi kum'mwera kwa dziko osaonana kwa milungu ingapo. Mwini shapa imodzi ndi mwini mabasi makumi awiri anaima pagombe limodzi. Kutsidya kwa Ruo kuli njanji yochokera ku Limbe kudzera pa Sandama kutsikira ku Makhanga, imene kale inkafika ku Beira. Madzi anaikokolola cha ku Chiromo mu 1997, ndipo sitima, imene ikanapikisana ndi malole, inasiya kuwoloka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anabwereza phunziro lomwelo ku Mulanje ndi kuno. Tsono mpikisano umayambira pati, pa galimoto kapena pa mlatho? Ngati umayambira pa mlatho, amene samanga mlathoyo sakunyanyala nayenso? Iyeyo lamulo la ntchito zofunika kwambiri limamukhudza?

Mpikisano weniweni umene ndimaudziwa ine ndi wa kabaza. Wanjinga akanditchulira mtengo wosandikomera, ndimatembenuka n'kuitana mnzake, ndipo woyamba uja amandithamangira kuti tikambirane. Pamenepo ndimamva kuti ndine munthu, chifukwa ndikhoza kukana. Ku Quelimane njinga za kabaza ndi zimene zimanyamula mzinda, ndipo shapa zitaima anthu a m'kati mwa mzindawo sangasowe chokwera. Chimanga chochuluka cha m'boma la Milange chakhala chikulowa ku Malawi pa Muloza chili pa keriyala ya njinga. Koma njinga ili ndi malire ake. Singanyamule matumba khumi. Mayi amene matenda a uchembere amuyamba usiku, kumukweza pa njinga yamoto m'matope ndi kuika miyoyo iwiri pachiswe. Ndipo ukawerengera mtunda, kabaza wamoto ndi wodula kuposa shapa. Ndiye kuti wosauka wa kumudzi amalipira zambiri pa kilomita kuposa wa mumzinda. Kodi akatswiri aja anayamba awerengerapo zimenezi?

Njinga yamotonso imamwa petulo, yemwe kuno timagula wa m'mabotolo. Mu Seputembala 2021 madalaivala a mathiraki ku Malawi atanyanyala, malo omwetsera mafuta anauma m'masiku ochepa, ndipo minibasi, matakisi ndi akabaza amoto onse anakafola pamzere umodzi. Mafuta a chigawo chino amalowera pa madoko owerengeka, monga Beira ndi Nacala. Eni galimoto akhoza kukhala chikwi, koma onse amayamwa paipi imodzi. Mwachulukitsa onyamula anthu, zikomo. Nanga paipiyo ikatsekeka, wopikisana nayo ndani?

Latsala funso limene limandiwawa. Pa 5 Febuluwale 2008, mtengo wa shapa ku Maputo utakwera kuchoka pa mametikali 5 kufika pa 7.5, ndi kuchoka pa 7.5 kufika pa 10, amene anaimitsa mzinda sanali madalaivala koma okwera. Anatseka misewu, anatentha matayala, ndipo boma linabweza mtengo n'kuyamba kuthandiza eni shapa a ziphaso pa mtengo wa dizilo, pogwirizana ndi chitaganya chawo cha FEMATRO. Mu 2022 yankho linalinso lonjezo la thandizo la ndalama. Ndalama zimenezi zimachokera m'thumba la boma, mmene mumalowanso msonkho umene ine ndimalipira pogula malata, batire ndi mayunitsi a foni. Ndiye kuti munthu wa ku Majaua amathandiza kulipirira shapa ya ku Maputo imene sadzaikwera, pamene iye akakwera lole amalipira mtengo wonse, thumba lake n'kulilipiranso padera. Sindikuwachitira nsanje a ku Maputo, nawonso ndi ovutika. Ndikungofunsa kuti, kodi boma limamva amene wavutika kwambiri, kapena amene angathe kutseka msewu wodutsa nduna? Ife titati titseke wathu, tingatsekere yani, si tokha?

Mwina mafunso onsewa ndi funso limodzi. Akatswiri amawerenga eni galimoto, ine ndimawerenga njira zimene wokwera ali nazo akafuna kukana. Kuti ndikane shapa, payenera kukhala basi, sitima kapena lole ina imene sili m'bungwe lomwelo, ndi wapolisi woteteza amene wasankha kuyenda anzake ataima. Kuti dalaivala asandiphe pothamangira tageti, payenera kukhala malipiro odziwika ndi malo okadandaula asanafike potseka msewu. Kuti galimoto yachiwiri ibwere n'komwe, payenera kukhala msewu woyendeka mu Febuluwale. Pa zonse zitatuzi palibe chimene msika umabweretsa wokha, ndipo zonse zimafuna boma logwira ntchito yake.

Tsono inu amene mumadziwa malamulo, ndiuzeni chimene chingalephereke. Bwanji boma la Milange silingaitane eni galimoto n'kunena kuti, nayi njira ya Majaua, tikufuna galimoto yonyamuka m'mawa uliwonse, chilimwe ndi dzinja, pa mtengo wolembedwa. Pikisanani, amene apemphe thandizo lochepa atenge njirayi kwa zaka ziwiri, ndipo akajomba timulanda? Umenewo si mpikisano? Ngati mzinda wa London, wa okwera mamiliyoni ndi misewu ya phula, susiya njira ya basi m'manja mwa msika wokha, bwanji ife a msewu wamatope ndi amene tikuuzidwa kuti tidikire msika?